Mutu 6: Mkono wa NyaShaba

1. Bwalo la kuseri kwa msika

Pa Boma la Mzimba panalibe amene ankadziwa bezibo mpaka pamene a Bestone Mhango anabwerera kuchokera ku Kepitauni. Kumeneko anakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, akutchetcha kapinga pa bwalo lina la masewerowa. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi magalimoto ndi mafiriji. Iwo anatsika basi ndi chikwama chimodzi chachitali. M'katimo munali zibonga ziwiri zomenyera mpira, magolovesi anayi ndi chipewa cholimba chimodzi choteteza mutu.

Anthu anaseka. Ena ankati Joni inawazunguza mutu. Koma patapita zaka zitatu, ana a sekondale yoyendera ya kuseri kwa msika anali ndi timu yawoyawo, ya anyamata ndi atsikana khumi ndi awiri, yotchedwa Mphenzi. Masukulu ena atatu a kumwera kwa bomali anali atatengerako.

"Ndi maraundasi a anthu akuluakulu," a Mhango ankauza aliyense wofunsa. "Woponya aponya mpira kwa mnzake wowakha, amene wanyonyomala kumbuyo kwa womenya. Womenya akaphonya katatu, watuluka. Akaumenya m'mwamba wina n'kuuwakha usanagwe, watulukanso. Akaumenya bwino athamange mabezi anayi, akafika pamene anayambira ndiye chigoli. Atatu akatuluka, matimu asinthana. Mbwenu, basi."

Mabeziwo anali matumba a feteleza odzaza utuchi. M'timumo munali ana a apolisi, a manesi ndi a anthu ocheka matabwa ku Chikangawa, ochokera ku Dedza, ku Mulanje ndi kwina. N'chifukwa chake a Mhango ankaphunzitsa m'Chichewa, ngakhale Chitumbuka chinkawapulumuka pakamwa akapsa mtima kapena akakondwa.

Woponya wa Mphenzi anali Fyness Shaba, mtsikana wa Folomu 3. Anakulira kufupi ndi Manyamula, kumene ankagenda anyani m'munda wa agogo ake, ndipo mkono wake unalimbira komweko. Mpira wake unkalira ngati mluzu. Msuweni wake Chikomeni yekha ndiye ankatha kuuwakha osatseka maso.

Koma Fyness anali ndi mtima wapachala. Mwezi wathawo ku Embangweni mnyamata wina anamuseka miyendo. Iye anaponya golovesi pansi n'kutuluka m'bwalo masewera ali mkati. Tsiku limenelo Mphenzi inagonja ndi zigoli zisanu ndi zinayi kwa ziwiri.

2. Zitini ndi mabelu

Lolemba masana, mphepo ya mu Juni ikuulutsa fumbi, a Mhango anaimba wezulo.

"Loweruka likubwerali tikulandira Njati za ku Manyamula. Opambana apita ku mpikisano wa chigawo ku Mzuzu. Tiyeni ku mlatho!"

Anathamanga mpaka pa mlatho wa mtsinje wa Mzimba n'kubwerera. Wofika pomaliza sankalangidwa, koma onse ankayenera kumudikira ataimirira ndi mwendo umodzi. Choncho othamanga kwambiri anaphunzira kubwerera m'mbuyo kukalimbikitsa mnzawo. Atatero anadumpha ngati achule kuchokera ku bezi ina kukafika ku inzake mpaka ntchafu zinayamba kunjenjemera.

Kenako anagawana. Ena ankamenya zitsononkho ndi mipini ya makasu, pofuna kuti diso lizolowere kanthu kakang'ono. Fyness ankalasa pakati pa tayala lakale lopachikidwa mu mtengo wa bulugamu. Otsala anapita kumapeto kwa bwalo, kumene a Mhango ankawamenyera mipira ya m'mwamba.

"Amene waupenya afuule kuti 'Wanga!' Enanu mupatuke!"

Loyce Banda, mtsikana wamfupi wa ku Dedza, anafuula mochedwa ndipo mpira unamugwera pakati pa mapazi. Unagwanso kachiwiri, kachitatu.

"Bwerezanso, Loyce. Mphepo ikuchokera kumanzere, iwe yamba wapita kumanja. Usadikire mpira, kaulandire ngati mlendo."

Dzuwa litapendeka, pabwalo panafika anyamata a kabaza asanu ndi mmodzi. A Mhango anawagawira zitini zakale ndi timitengo.

"Fyness, ima pamalo pako. Uponye mipira makumi awiri kwa Chikomeni. Inu anyamata, muimbe mabelu, mumenye zitini, ndipo mumunene mmene mungathere. Lero ndakulolani."

A kabaza sanachedwe.

"Miyendo ngati mitengo ya mpanda!"

"Iwe, kaphike ndiwo za mphangwe kunyumba!"

Mipira itatu yoyamba inalowa bwino m'golovesi la Chikomeni. Wachinayi unapita m'mwamba. Wachisanu unakagunda mtengo. Wachisanu ndi chimodzi Fyness anautembenuza n'kugenda nawo kumene kunali a kabaza, ndipo unaphonya mmodzi wa iwo pang'onong'ono.

Wezulo inalira. A kabaza anasiya kumenya zitini.

"Khalani pansi nonse," anatero a Mhango. Anatola mpirawo n'kuuika m'dzanja la Fyness. "NyaShaba, ufinye. Wamva kulimba kwake? Uwu si mpira wa nsanza. Ku Kepitauni ndinaona mnyamata wa msinkhu wako akumenyedwa nawo pafupi ndi khutu. Amene anaponya anali atakwiya chifukwa cha mawu, mawu chabe. Mnyamata uja anadzuka patapita masiku anayi, koma mpaka ine kuchokako sankatha kutchula dzina la mayi ake. Woponya uja ndinkamuona akubwera pabwalo, n'kukhala kunja kwa waya. Palibe amene anamuthamangitsa. Dzanja lake lokha linakana kugwiranso mpira.

"Tamverani, ana inu. Miyendo ndingathe kukulimbitsani ndi mlatho. Maso ndingawanole ndi zitsononkho. Koma mtima, aliyense amamanga wake. Adani anu akaona kuti mkono wanu sangauthe, adzafunafuna pamene pali chilonda, n'kupondapo. Akakukwiyitsani, ndiye kuti akuponyerani mpira wanu ndi iwowo, inu mwangowabwereka mkono. Iwe Fyness ndiwe kaputeni, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Phokoso likachuluka, chita zitatu izi: ponda pansi umve nthaka, puma kawiri, yang'ana golovesi la Chikomeni. Kunja kwa golovesi limenelo kulibe dziko."

Fyness anapita kukapepesa kwa wa kabaza uja. Lachiwiri anabwereza zomwezo ndipo analowetsa mipira khumi ndi umodzi. Lachitatu khumi ndi isanu. Lachinayi a kabaza anatopa okha, mawu atasasa, Fyness atalowetsa khumi ndi isanu ndi inayi.

3. Pa khonde la sitolo

Mayi a Fyness, nyaMoyo, ankasoka zovala pa khonde la sitolo ina pafupi ndi depoti. Lachisanu Fyness anawapeza akusokerera manambala pa malaya a timu.

"Khala apa, mwana wane," anatero osaimitsa makina. "Ndamva kuti akubwera ndi a ku Manyamula."

"Eya, amama."

"Ndiye kuti akubwera anthu akwathu. A kabaza a pa Boma pano akudziwa miyendo yako yokha. Akwathu akudziwa nyumba yako."

Fyness anawerama. Bambo ake anapita ku Joni iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni. Kenako kunangoti zii. Anthu otero kumeneko amawatcha matchona, otayika kunja.

NyaMoyo anaimitsa makina.

"Ndikuuze zimene sindinakuuzepo. Chaka chimene tinasamukira kuno, mayi wina ananditchula mkazi wa mtchona pa chigayo, anthu ali tho. Ndinali ndi chitsulo chogogodera ufa m'manja. Dzanja linanyamuka lokha. Koma ndinaona iwe utagwira chitenje changa, ukundiyang'ana. Ndinaika chitsulo pansi, ndinasenza ufa wanga, n'kumapita. Ndikanamumenya, ine ndikanagona kupolisi, iwe ukanagona kwa yani? Mayi ujatu lero amabwera pano kudzasoketsa, ndipo amandipatsa moni wogwada.

"Zimene anachita adada ako ndi zawo. Iwe sunatchone. Uli pompano, ukupita kusukulu, ndipo dzina la Shaba likumveka pa Boma chifukwa cha mkono wako. Mawa akakunena, ulire ngati ukufuna, misozi si mlandu. Koma usapweteke mwana wa munthu. Ndapota, mwana wane."

Anamupatsa malaya ake. Kumsana kwake anali atasokapo nambala wani ndi nsalu yachikasu.

4. Njati zafika

Loweruka m'mawa lole inatsitsa Njati ndi owachemerera oposa makumi atatu, ena atanyamula ng'oma. Anthu a pa Boma nawo anadzaza mbali ya kumsika. A kabaza aja anaimika njinga zawo pamzere, ulendo uno ali kumbali ya Mphenzi. NyaMoyo anatseka makina awo n'kudzaima pansi pa bulugamu.

Womenya wamphamvu wa Njati anali Hector Tembo, mnyamata wa mapewa ngati chitseko. Iye ndi Fyness anaphunzira kalasi imodzi ku pulayimale. Atapatsidwa chipewa choteteza mutu anachikankhira kumbali.

"Chimenecho n'cha ana. Mpira wa mtsikana ungandichite chiyani?"

Koma mpira wa mtsikanayo unamuphonyetsa katatu, anthu n'kukuwa. Pofika pakati pa masewera, Mphenzi inkatsogola ndi zigoli zisanu kwa chimodzi. Ana a pa Boma ankathamanga osatopa, pamene Njati zinayamba kugwira m'mawondo.

Apo Hector anapita kwa oimba ng'oma n'kuwanong'oneza kanthu. Ng'oma inasintha kaliridwe, ndipo nyimbo inabuka:

"Mwana wa mtchona, awuso ŵali nkhu? Mwana wa mtchona, awuso ŵali nkhu?"

Ankamufunsa kuti bambo ake ali kuti.

Mpira wotsatira wa Fyness unapita pamwamba pa mutu wa Chikomeni. Winanso unagwa m'fumbi usanafike. Atayesa kuponya pang'onopang'ono kuti alunjike, Njati zinaumenya mosavuta. Zinagoletsa chimodzi, kenako ziwiri. Zigoli zinafika zisanu kwa zinayi.

Posinthana, Fyness anakhala pa benchi misozi ikutsika. Loyce anamupatsa madzi. A Mhango anaima patsogolo pake.

"Ndikuchotse?"

"Ayi, a Kochi."

"Chabwino. Pukuta m'maso, golovesi lisaoneke pawiri."

5. Mpira womaliza

Gawo lomaliza linafika zigoli zili chomwecho. Fyness anatulutsa awiri, koma ena awiri anamenya n'kukaima pa bezi yachiwiri ndi yachitatu. Kunatsala kutulutsa mmodzi kuti Mphenzi ipambane. Koma mpira ukangomenyedwa bwino, awiri aja akanalowa, Njati n'kutenga ulendo wa ku Mzuzu.

Amene ananyamula chibonga anali Hector. Anafika akuvina nyimbo ija, mutu uli pamtunda.

Chikomeni anapempha kamphindi kwa woimbira n'kuthamangira kwa Fyness. Maso ake anali ofiira. Bambo a Fyness anali malume ake, mlongo wa mayi ake.

"Fai, tamvera. Uyu akunyoza asibweni, akunyoza mtundu wathu wonse. Mulase m'nthiti."

"Wapenga?"

"Lamulo likuti womenyedwa ndi mpira angopita pa bezi yoyamba, basi. Palibe chigoli. Pambuyo pake pakubwera kamwana kaja kamene sikanakhudzeko mpira chiyambire. Tikatulutsa mosavuta. Tipambana, iyenso akaphunzira kutseka pakamwa. Aliyense aziti dzanja linaterereka."

Fyness anayang'ana Hector. Analidi pafupi kwambiri ndi njira ya mpira, nthiti zili poyera, mutu wopanda chipewa. Anayang'ana kwa a Mhango. Iwo anali atangopinda manja.

"Chikomeni, bwerera ukanyonyomale. Uike golovesi pakati."

"Ukuopa?"

"Ndati pakati. Ndikufuna agonje akuona, osati atagona pansi."

Chikomeni analavula malovu n'kubwerera.

Ng'oma inakula. Fyness anaponda pansi. Anapuma kawiri. Anayang'ana golovesi.

Mpira unalira, ndipo Hector anamenya mphepo.

"Kamodzi!" anafuula woimbira.

Hector anasiya kuvina. Wachiwiri anaukhudza pang'ono, koma unathawira kumbuyo kwa mzere, zimene zimawerengedwa ngati kuphonya.

"Kawiri!"

A kabaza anaimba mabelu onse pamodzi. Oimba ng'oma anayandikira mpaka pa mzere, akukuwa dzina la bambo ake lenileni. Fyness sanatembenuke. Anaponda, anapuma, n'kuponya ndi mphamvu zake zonse, pakati penipeni.

Phaa! Hector anaupeza. Mpira unakwera m'mwamba kulowera kumapeto kwa bwalo, ndipo othamanga awiri aja ananyamuka. A ku Manyamula anayamba kudumpha.

"Wanga!"

Anali Loyce. Anali atayamba kale kuthamangira kumanja mpira usanakhote. Mphepo inaukankhira komweko. Mtsikanayo anatambasula dzanja, anagwa chafufumimba m'fumbi, n'kugubuduzika kawiri. Atadzuka anakweza golovesi m'mwamba. Mpira unali m'katimo.

"Watuluka! Masewera atha!"

Bwalo linasefukira. Amayi a mumsika analuluta, a kabaza ananyamula Loyce n'kumukweza pa njinga. NyaMoyo anavula mpango kumutu n'kumaugwedeza, akufuula kuti, "Mwana wane uyo! Mwana wane uyo!" A Mhango anaiwala Chichewa chonse, ankangoti, "Yewo chomene! Yewo chomene, ŵana ŵane!"

Matimu atafola kuti agwirane chanza, Hector anafika kwa Fyness atazyolika.

"Ndinkadikira kuti undigenda. Ndikanakhala iwe ndikanatero."

"Ndikudziwa," anayankha Fyness.

"Phepa, nyaShaba. Nyimbo ija ndinayambitsa ndine."

"Ndamva. Ulendo wina uzivala chipewa."

6. Wezulo

Anthu atabalalika, a Mhango anasonkhanitsa timu pansi pa bulugamu.

"Ndine wonyada lero kuposa tsiku limene ndinakwatira, koma musakawauze amayi anu a kunyumba kwanga." Ana anaseka. "Loyce, mipira ija unkagwetsa Lolemba ndi imene yakuphunzitsa wa lerowu. Fyness, sindinamve zimene munanong'onezana ndi msuweni wako, koma ndakhala pa mabwalo nthawi yaitali, ndikudziwa. Ukanasankha njira inayo, mwina tikanapambanabe. Koma Lolemba mukanapeza ndatseka chikwama changa, chifukwa sindinabwere nacho kuti ndiphunzitse ana kuvulazana. Iwenso Chikomeni, kukonda abale n'kwabwino. Koma chikondi chimene chimatuma mnzako kukachimwa, iwe uli kumbuyo, chimenecho chiyang'anenso bwino."

Chikomeni anayang'ana kumbali.

"Tsopano nkhani ina. Mawa ndikupita ku chipatala ku Mzuzu. Diso langa lamanzere lili ndi ng'ala, ndipo madokotala andiitana kuti akalikonze. Akuti ndikatha milungu itatu osayandikira fumbi. Mpikisano wa chigawo uli m'milungu inayi. Aphunzitsi a zamasewera azibwera kudzakhala nanu, koma bezibo saidziwa. Pafunika wina woyendetsa zonse."

Anavula wezulo m'khosi mwawo n'kumuveka Fyness.

"Amene watha kudzilamula pakati pa ng'oma zija angathe kulamula anzake khumi ndi mmodzi."

Ana anaomba m'manja. Fyness anagwada pang'ono, atagwira wezuloyo ndi manja awiri.

"Yewo, a Kochi. Ndiyesetsa."

Koma Chikomeni anaimirira n'kudzikuntha fumbi.

"Ine munthu amene amasekerera onyoza mtundu wake sangandiimbire wezulo. A Kochi, mukachira mudzandiitane."

Anatenga njinga yake. Kalebe ndi Matthews, anzake apamtima a m'timumo, anayang'anizana, kenako anamutsatira.

A Mhango sanawaitane. Anangoyang'ana Fyness.

Fyness anawerenga otsala ndi maso. Pamodzi ndi iye analipo asanu ndi anayi, okwanira ndendende kulowa m'bwalo. Koma pa onsewo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anayesapo kunyonyomala kutsogolo kwa mpira wake.

"Lolemba, 3 koloko, pompano," anatero. "Ndipo pofika tsikulo, mmodzi wa inu akhale atalimba mtima. Ndikufuna wowakha."

Onse anayang'ana pansi. Kenako, kumapeto kwa mzere, dzanja limodzi linayamba kukwera pang'onopang'ono.